Pansi pa Madontho a Kumanjayi

Phazi la a Napanangka linatera pakati penipeni pa zimene Verna ankalemba pamchenga, n'kuzifufuta ngati mmene munthu amafufutira malovu.

"Izi n'za azungu izi," anatero mayi wokalambayo, uku akutafuna fodya wawo wosakaniza ndi phulusa.

Verna anadzutsa mutu. Iye ankayesa kuti wabisala bwino kuseri kwa malata a msasa wamaliro, kumene kunkagona agalu okha. Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chilandirireni foni ya kutauni ya Alice Springs yonena kuti amayi ake atsikira kulichete. Tsitsi anali atameta, ndipo dothi loyera limene anadzola kumaso linali litang'ambikang'ambika ndi thukuta.

"Apongozi, ndi mmene amayi ankajambulira. Zaka makumi awiri ndakhala pambali pawo."

"Pachinsalu. Ine ndikunena pathupi, Napaljarri," anatero mayiyo, akumuitana Verna ndi dzina la mtundu wake. "Tandiuza. Nyimbo ija ili ndi ndime zingati?"

"Zisanu ndi imodzi."

"Nanga zitsime unalemba apazi zinali zingati?"

Verna anayang'ana mchenga wofufutidwawo. Panalibe chifukwa chowerengera. Zinali zisanu, monga zinalili pa chinsalu chilichonse chimene amayi ake anajambulapo.

"Mawa dzuwa likapendeka tikakumane kumtsinje," anatero a Napanangka, akukonza magalasi awo akuda. "Ubwere ndi msuwani wako uja. Loweruka galimoto yathu ikubwerera ku Lajamanu, ndipo ine mtolo uja sindingausiye m'manja mwa anthu osadziwa kumene madzi awo anadutsa."

Mtolo umene ankanenawo unali bulangete lakale lokulungamo ndodo ya gule ndi timatabwa tiwiri, zimene malemuwo ankavina nazo nyimbo za Mvula ya ku Mantarlpa, dziko la bambo awo. Katundu wina yense anali atagawidwa kale, zovala zitatenthedwa, nyumba itafukizidwa utsi n'kusiyidwa. Azimayi anali atasesa mapazi a malemu ndi masamba a bulugamu kuyambira kusitolo mpaka kutchalitchi. Dzina lawo linali litatsekedwa. Tsopano anali Kumanjayi basi, dzina lolowa m'malo mwa dzina la womwalira, ndipo namwino wa pachipatala amene ankafanana nawo dzina nayenso anasanduka Kumanjayi osalakwa kanthu. Chotsala chinali mtolowo. Koma mtolo ukapita umapita ndi zonse: kujambula Mantarlpa, kuimba nyimbo zake, ngakhale kuyankhulira dzikolo akabwera anthu oyeza malo. Ku Lajamanu kunali ana a mlongo wawo wina wa malemu, amene anali okonzeka kuulandira ndi manja awiri.

Lamulo lake kuno ndi losavuta kulinena. Dziko munthu amalitenga kwa bambo ake, choncho mwini wa Mantarlpa tsopano anali Coralie Nampijinpa, mwana wa mlongo wawo wamwamuna wa malemu. Verna, pokhala wobadwa kwa mkazi wa dzikolo, anali mlonda wake. Mwini sadzilemba yekha. Amakhala pansi, mlonda n'kumulemba pathupi uku akuimba, ndipo mlonda akalakwitsa onse awiri agwa. A Napanangka ndiwo anali mlonda wa malemu kwa zaka makumi asanu, ndipo asanatseke nyimbozo kwa nthawi ya maliro ankafuna kuona ndi maso awo ngati pali wozitsegulanso.

Masana a tsikulo, anthu atagona m'mithunzi, Verna anatenga kiyi n'kupita kunyumba ya zojambula kumene ankagwira ntchito. Anayenda ngati wakuba, akucheukacheuka. Zithunzi za malemu zinali zitatembenuzidwira kukhoma, ndipo mwana wawo ndiye anali womaliza mwa oyenera kuziona. Anatseka chitseko, napepesa chamumtima, n'kutembenuza chinsalu chachikulu chimene anamaliza amayi ake asanawatengere kutauni.

Misozi inayamba yokha. Anawaona amayi ake m'maganizo mmene ankakhalira pansi, miyendo atatambasula, chinsalu chili pamchenga, agalu akuchipondaponda, tiyi ali m'chitini cha jamu. Kamayi kakang'ono kamawu aakulu. Zithunzi zawo zinkakwera ndege kupita kumaiko amene iwo sankatha n'kuwatchula komwe, ndipo tsiku lina atawatengera kumzinda waukulu kukaona chithunzi chawo pakhoma, anangofunsa kuti anthu a kumeneko nkhuni amatola kuti. Iwo ankalemba zitsime ndi mizere ya madzi, akuimba ndime zonse motsatana, Verna n'kumadzaza madontho. Nyimbo inamulowa choncho, osaifuna, ngati utsi m'zovala.

Koma zitsime zinali zisanu. Anawerenga kawiri, ngati kuti chachisanu ndi chimodzi chimuchitira chifundo n'kutulukira.

Anakokera chinsalucho pawindo, nayendetsa zala pamwamba pake. Pafupi ndi chitsime chachinayi anamva kamzere kotukuka pansi pa penti. Apa m'pamene anakumbukira kuti amayi ake chinsalu chatsopano ankachiyamba okha. Ankamutuma nkhuni kapena madzi a tiyi, ndipo pobwerera ankapeza chinsalu chonse chili bii, penti wakuda akadali wauwisi, ngakhale iye anali atachipaka kale dzulo lake. Zaka zonsezo ankangoti ndi makani a ukalamba. Safunsa anadya phula. Mayiyo ankajambula njira yonse ya Mvula, n'kuikwirira, kenako n'kulemba pamwamba zoti azungu agule.

Kamzereko kanayenda utali wa chala chimodzi n'kusowa pansi pa madontho. Anali madontho ake omwe, onenepa, amene ankawanyadira kuti palibe wina m'mudzi muno angawaike mothinana choncho. Anayamba kukanda ndi chikhadabo, dontho limodzi n'kuthothoka. Analeka msanga, chifukwa zinali ngati akukanda nkhope ya amayi ake. Komanso chinsalu si thupi. Ngakhale akanaupeza mzerewo, akanadziwa bwanji kuti pamkono wa munthu umakhotera kuti?

"Amayi, ndiye kuti ine munandilemba ntchito yokwirira basi?" anafunsa mokweza. M'nyumbamo munangomveka ntchentche.

Verna anapeza Coralie atakhala m'galimoto yake kumapeto kwa msasa, zitseko zili pululu, mapazi ali panja. Ankagona mmenemo chifikireni, chifukwa tsiku loyamba, pamene olira ankagwirana chanza, Verna anabisa dzanja lake m'bulangete anthu onse akuona.

"Msuwani," anatero Verna.

"Ee, lero ndasanduka msuwani? Masiku onsewa ndinali mphepo ine."

"Amayi anakuuza chiyani za Mantarlpa?"

"Azakhali? Anandiuza kuti tiyi wanga ndi mkodzo wa ngamila."

"Usachite nthabwala, iwe. Mawa apongozi akufuna ndikulembe kumtsinje. Pali chitsime chimodzi chimene sindikuchidziwa. Tikalephera, mtolo ukupita ku Lajamanu."

Coralie anaika foni pamiyendo. Anali mayi wa ana atatu, wogwira ntchito pasukulu ya mkaka ku Alice Springs, ndipo chilankhulo chathu ankachiyankhula mosakaniza ngati phala la mphumphu.

"Ndiye wabwera kwa ine? Ine wa m'tauni, wosadziwa ndi kukumba mbatata yakutchire komwe? Si mmene umanenera?"

"Unakhala nawo zaka ziwiri."

"Ndinakhala nawo, eya. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, kuwanyamula kupita kumakina osefa magazi. Maola anayi ndili pambali pawo pa kampando kothyola msana. Kuwasambitsa, kuwachapira, kutukwanidwa. Iwe unabwera kangati? Kawiri. Kachiwiriko unabwerera nsapato za mdzukulu wako."

"Ine ndinkasunga nyumba yawo, agalu awo, ana onsewa! Iwe unawatsekera m'tauni mpaka afere pabedi la azungu, iwo akulirira kwawo tsiku ndi tsiku."

"Kuno kuli makina? Ukanawasefa magazi ndi sefa ya tiyi?"

Verna ankadziwa kuti msuwani wakeyo sanalakwe, ndipo n'chimene chinkamupweteka kwambiri. Munthu wina anagwira dzanja la amayi ake pomaliza, iye ali kuno akutsuka maburashi.

Coralie anayankhula motsitsa mawu. "Sanandiphunzitse kanthu, Verna. Ndikulumbira. Nyimbo zija mawu ake sindimva n'limodzi lomwe. Ndikavula malaya mawa pamaso pa azimayi aja ndidzangokhala ngati chinsalu chopanda kanthu. Ndikuopa ine. Bwanji tingousiya upite? Ku Lajamanu akausamala."

"Ukapita sudzabweranso. Ana ako adzadutsa pa Mantarlpa ngati alendo, n'kumapempha chilolezo chomwera madzi a agogo awo."

"Nanga titani?"

"Ubwere basi. Ndipo usambe. Ukununkha galimoto."

"Iwe ukununkha galu," anatero Coralie, koma panalibe amene anaseka.

M'mawa mwake Verna anayesa njira yomaliza. Anagula mchira wa kangaruu kusitolo, nauwotcha m'phulusa mpaka mafuta akuchucha, n'kupita nawo kwa a Napanangka, amene anali pabulangete akusewera makhadi okha. Ankawatcha apongozi chifukwa anali a mtundu wa amayi a mwamuna wake, ndipo anakhala chapatali mwaulemu. Mayiyo anadya mchira wonse, nayamwa timafupa kamodzikamodzi, napukuta zala pa siketi.

"Wonona," anatero. "Ubwerenso ndi wina mawa."

"Apongozi, ingondilozerani ndi chala. Palibe adzadziwe."

"Ndidziwa ine. Adziwanso iye." Analoza ndi milomo kumadzulo, kumene kuli Mantarlpa. "Si zanga zimene zija kuti ndigawe. Ine ntchito yanga ndi kuona. Ngati anafuna kukusiyira, anakusiyira. Ngati sanakusiyire, anali ndi chifukwa chake."

Mawu amenewa anamulasa Verna kuposa onse. Tsiku lonse, akupera dothi lofiira pamwala, ankangowatembenuza m'mutu. Mwina amayi ake anamuyang'ana zaka zonsezo n'kuona kuti sakukwanira. Mwina n'chifukwa cha zaka zija anazitaya m'tauni ya Katherine ndi mowa, kapena chifukwa pamene azimayi anakavina komaliza ku Mantarlpa iye anatsalira kumsonkhano wa tchalitchi. Dzuwa tsiku limenelo linathamanga ngati lili ndi ngongole ndi wina.

Kumtsinje kunalibe madzi, monga mwa masiku onse. Azimayi khumi ndi awiri anakhala mozungulira pamchenga pansi pa mibulugamu, a ku Lajamanu mbali yawo, a kuno mbali yawo. Mtolo unali pakati. Coralie atafika, atakumbatira chifuwa ndi manja, a Napanangka anatambasula mikono.

"Amayi anga afika! Mwandibweretsera chiyani kutauni, amayi?"

Mwa mitundu yathu mkazi wa mtundu wa Nampijinpa amabala Napanangka, choncho nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatuyo inalidi mwana wa Coralie mwa chibale cha mitundu. Azimayi anaseka pang'ono. Coralie anayesa kumwetulira.

"Mwana wosamva iwe," anayankha monong'ona. Kenako anavula malaya, nakhala pansi.

Verna anamudzoza mafuta ophikira pamkono, paphewa ndi pachifuwa mpaka khungu linawala. Anaviika kamtengo kokulunga ulusi m'dothi lofiira. Mawu a nyimbo anatuluka okha, ndipo azimayi ena anabisa nkhope chifukwa ankamveka ngati a malemu. Ndime yoyamba, Mvula ikunyamuka: chitsime choyamba pamwamba pa chigongono. Ndime yachiwiri, mzere unakwera mkono. Yachitatu, yachinayi. Chitsime chachinayi chinakhala pamutu pa phewa, chozungulira bwino, ndipo a Napanangka sananene kanthu. Kusanena kanthu kwawo kunali kuvomera.

Ndime yachisanu ndi imene imanena kuti Mvula inabwerera m'mbuyo. Verna anaiyamba, dzanja lili m'malere. Anaimaliza, dzanja likadali m'malere. Dothi linadontha pa ntchafu ya Coralie. Mbali ya ku Lajamanu wina anatsokomola, wina anayang'ana mtolo.

Panalibe chochita koma kungolota. Anaika kamtengo paphewa, n'kuyamba kutsikira kuchifuwa, njira imene chinsalu chimadutsa.

Phewa la Coralie linanyanyuka ngati lalumidwa ndi nyerere.

"Osati uko," ananong'ona.

"Wati chiyani?"

"Sindikudziwa. Koma osati uko. Imbanso, pang'onopang'ono."

Verna anayang'ana a Napanangka, koma m'magalasi akudawo anangoonamo nkhope yake yomwe. Anafufuta ndi chala chachikulu pamene analakwitsa, nayambanso ndimeyo. Coralie anatsinzina.

"Dumpha phewa. Pita kumbuyo. Tsika, tsikabe. Ima! Zungulira pafupa limenelo. Kawiri."

"Iyayi, izi n'zachilendo," anatero mayi wina wa ku Lajamanu. "Mwini n'kumauza mlonda?"

"Tseka pakamwa, ntchentche zilowamo," anatero a Napanangka osacheuka n'komwe.

Kamtengo kanayenda kumsana, kumene munthu woima kutsogolo sangaone. Verna anamva kuti mawu a nyimbo ndi dzanja zikuyendera limodzi. Pamene nyimbo imakoka mpweya m'pamene mzere unakhota, ndipo pamene mawu amabwerezedwa m'pamene chitsime chinazungulira kachiwiri. Tsitsi lake lometalo linaima.

"Wadziwa bwanji iwe?" anafunsa ndime itatha.

Misozi inali ikutsika pamasaya a Coralie, maso akadali chitsinzinire. "Chala chawo chinkadutsa mmenemo. Pamakina paja, dzanja lina lili ndi mapaipi, linalo lili pa ine. Kuyambira pachigongono, kukwera, kudumpha phewa. Tsiku lililonse, kangapo. Ine ndili pafoni. Ndinkayesa akungondisisita kuti nthawi ipite."

"Ankaimba?"

"Ayi. Kukamwa kuli gwa."

"Nanga kuchoka apa?"

"Kwera m'mbali mwa khosi. Tsikira kutsogolo, pakadzenje aka."

Verna anaimba ndime yomaliza, nalemba chitsime chachisanu ndi chimodzi pansi pa khosi, kenako anazunguliza mizere yonse ndi dothi loyera. A Napanangka anadzuka movutikira, navula magalasi, n'kuyandikitsa diso lawo labwino pamsana pa Coralie mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza khungu. Anatsata mzerewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Atafika kumapeto anakhala pansi mwaphuu, n'kuyamba kulira ndi kutukwana nthawi imodzi.

"Wobera makhadi uja! Wandiyendetsa ulendo wonsewu, ine kumati zapita naye kumanda. Nyimbo kwa uyu, mzere kwa uyo, akudziwa bwinobwino kuti awiriwa samwerana madzi. Akanangonena ngati munthu, chikanamuluma n'chiyani?"

Anamina, napukuta mphuno ndi siketi, kenako anakankha mtolo uja ndi phazi mpaka unakagunda bondo la Coralie. Azimayi a ku Lajamanu anayamba kutolera zikwama zawo. Palibe anatsutsa.

Verna anatsala chigwadire, kamtengo kali m'manja. Mtolo sanauyang'ane. Ankayang'ana phewa la msuwani wake, pamene chala cha amayi ake chinayenda zaka ziwiri iye kulibe, ndipo njala yofuna kudziwa chilichonse cha masiku amenewo inamugwira.

"Ndiye akafika apa, pomalizira, ankatani?" anafunsa.

Coralie anatsegula maso, naseka m'misozi. "Ankanditsina. Kutsina kwenikweni, mpaka ndilumphe. Amvekere, 'Usagone, galu iwe, ndikuyankhula nawe.' Chonsecho sananene kanthu."

Verna anaika kamtengo pansi. Anaviika zala ziwiri m'dothi lofiira, nagwira khungu la Coralie pafupi ndi chitsime chomaliza, n'kutsina mwamphamvu.

"Mayo! Iwe, wapenga?"

Panatsala timadontho tiwiri tofiira, timene si ta nyimbo iliyonse. A Napanangka anatiyang'ana kwa kanthawi, navalanso magalasi awo, ndipo sanatifufute.